Mlendo Sagona ku Hotela

Achemwali anga ndi amuna awo atagwirizana zobwera ndi ana ku Dubai kudzaona paki ina yamasewera ya makina okwera, ine sanandifunse kalikonse. Anangondiuza. Kwathu zimatero: amene anasiya sukulu amauzidwa, safunsidwa. Ine ndinasiyira panjira koleji ya unamwino, ndipo kuyambira pamenepo mawu anga pabanja pathu ndi mankhusu.

Nthawi imeneyo ndinkakonza m'zipinda pa hotela ina ku Festival City, ndipo ndinkagona ku Mankhool. Sindikunena kuti ndinali ndi nyumba. Ndinali ndi bedi. Flati yake ankachita lendi ndi mayi wina amene tonse tinkangomuti madamu. Anaidula ndi matabwa opyapyala n'kudzazamo mabedi osanjikiza, akazi okhaokha. Langa linali la pansi, pafupi ndi zenera, ndipo linali ndi katani. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse kuti bedi la pansi, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya metro, m'chipinda cha anthu osaba sopo, munthu amalidikirira ngati mvula. Ndinayambira pamwamba, pansi pa makina oziziritsa amene ankandidonthezera madzi kumapazi, mpaka mwini bedi la pansilo atabwerera kwawo. Lamulo la madamu linali limodzi: mlendo asagone. Ukagoneka mlendo, khalas, ndiye kuti zatha, nyamula zako. Nawonso ankaopa mwini nyumba, chifukwa tinali ochuluka kale kuposa mmene zimaloledwera.

Pakiyo ili kutali, kunja kwa mzinda, njira yopita ku Abu Dhabi. Ili ndi hotela yakeyake pakhomo penipeni. Achemwali, amene ndi mphunzitsi ndipo amakonda kufufuza zinthu, anali ataona zonse pafoni. Ukagona mmenemo umadzuka, kudya, n'kuyenda wapansi kukalowa dzuwa lisanalimbe. Likafika pamutu umabweza ana kuchipinda, agone, n'kubwereranso kukazizira. Anali atasungitsa kale chipinda. Ndinawauza kuti achita bwino, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Kenako anaimba alamu, pavidiyo, atakhala pampando wawo wa pabalaza ku Lilongwe, amayi ali pambali pawo.

“Alamu, tamva kuti mukutithamangitsira ku hotela.”

“Sindikukuthamangitsani. Ndilibe pokugonekani. Ndili ndi bedi limodzi basi.”

Anaseka mpaka foni inagwedezeka. “Aliyense amatero. Ngakhale abwana anga, a nyumba yosanja aja, amati kanyumba kanga.”

“Ine sindinanene kanyumba. Ndati bedi.”

“Mwaumva mwano wa ku Dubai, amayi? Anthu akalemera amayamba kulira umphawi.”

Amayi anasendeza nkhope yawo pafupi ndi foni mpaka ndinkangoona mphuno ndi mpango. “Iwe, anthu akamva kuti mkulu wako wagona ku hotela mumzinda umene iwe ulimo, adzati chiyani? Ku hotela kumagona anthu opanda abale ndi aja oyenda ndi akazi a eni.”

Hotela imene amayi amaidziwa ndi resitihausi ya pamsika wa kwathu, ya mabulangete onunkha palafini. Sindikanawasintha maganizo pafoni.

Vuto lathu Amalawi ndi ili. Wolandira alendo amayenera kudzichepetsa. Ukati ndiwo zake n'zosakoma, ndiye kuti wapha nkhuku. Ukati pepani malo ndi ochepa, ndiye kuti wachotsa ana m'chipinda n'kuyala nsalu zatsopano. Tsono munthu ukakhala kuti ulibedi malo, ulibe mawu onenera. Onse anatha kale ndi ulemu. Ndinkati ndikalimbikira kukana, iwo ankaona ngati ndikulimbikira ulemu.

Ndinajambula bedi langa n'kuwatumizira. Alamu anayankha kuti, “Kuchipinda kwabwino. Pabalaza simunajambule bwanji?”

Chimene chimandiwawa mpaka lero si alamu. Alamu ankangofuna kukauza anzawo a kuofesi kuti ku Dubai anafikira kwa mlamu wawo, ndipo zolipira chipinda pamene pali m'bale zinkawapweteka m'mimba. Chimandiwawa ndi achemwali. Anandiimbira paokha, akunong'ona m'khitchini.

“Ndakumva iwe. Ndikudziwa kuti ukunena zoona.”

“Ndiye auzeni.”

“Ukuwadziwa bambo a ana. Ndi amayinso aikapo mtima. Tigone tsiku loyamba lokha, kuti mitima yawo ikhale pansi.”

“Achemwali, tsiku lomwelo andichotsa.”

“Aa, sangakuchotse chifukwa cha abale ako. Si munthu ameneyo?”

Chipinda cha ku paki chija anachibweza.

Anafika masana, mwezi wa Ogasiti, nthawi imene ngakhale amphaka a ku Mankhool sayenda pamsewu. Ndinali nditapempha tchuthi kuntchito. Anatsika mutakisi ndi masutikesi akuluakulu, ana awiri, ndi chikwama cha usipa ndi mtedza chochokera kwa amayi. Mlonda wa pansi anatiyang'ana, nayang'ana masutikesi, osanena kanthu. Anthu a kuno akakhala chete choncho ndiye kuti alemba mumtima.

M'flati munalibe anthu, onse anali kuntchito. Ndinatsegula chitseko, ndinawadutsitsa m'kanjira ka pakati pa matabwa, pansi pa zovala zamkati za anthu zoyanikidwa pachingwe, ndinakoka katani.

“Nyumba ija ndi iyi.”

Alamu anaima. Anayang'ana bedi la pamwamba, la pambali, ndowa za pansi pa mabedi. Ndinadikira kuti anene kuti pepani alamu, sitinakumvetseni. Anakonza kukhosi.

“Ife ndi anthu a kumudzi. Pamaliro timagona pamphasa.”

“Pano si pamaliro, alamu. Muno ndi mwa akazi. Tsikani, pali mahotela ang'onoang'ono kuseri kwa msewuwu, ndikuperekezeni.”

“Tangofika kumene, madzi akumwa sitinalandire, mukutitulutsa?”

Ndinatembenukira kwa achemwali. Iwo ankavula nsapato kamnyamata kawo kakang'ono, kamene kanali katagona kale pabedi langa, kukamwa kuli yasa. Wamkulu, mtsikana, anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, “Amayi aang'ono, mawa tikakwera chija chozungulira?” Achemwali sanadzutse mutu.

Madzulo anzanga anayamba kubwera. Woyamba anali mkazi wa ku Chipata amene amaluka tsitsi, wa bedi la pamwamba panga. Anapeza alamu atakhala pandowa yake, akusenda mtedza.

Anandikokera kubafa. “Iwe mwana, uyu mwamuna azagona kuti?”

“Afunseni.”

“Madamu akamva, habibi, mnzanga, wapita. Na ise utiika m'mavuto.”

Anali wachifundo, anandibwereka bulangete. Ena sanalankhule nane. Achemwali ndi kamnyamata anagona pabedi langa, ine ndi mtsikana pansi, alamu m'kanjira ka kukhitchini, pamakatoni, miyendo itatsekereza chitseko cha kubafa.

Madamu anabwera m'mawa. Kaya anauzidwa ndi mlonda, kaya ndi mmodzi wa anzanga, sindinafufuze. Anapeza alamu m'khitchini, atavala vesiti, akutsuka mano pasinki yotsukira mbale. Alamu analavula, anapukuta manja, n'kuwapatsa moni wa manja awiri, kuwerama ndithu. Anawathokoza m'Chingerezi cha kuofesi chifukwa chosunga bwino mlamu wawo. Anawatapiranso mtedza m'mbale.

Madamu sanayang'ane mtedzawo. Anayang'ana ine. Anati mwezi ukatha bedi likhale lopanda kanthu, ndipo alendowa asawaonenso dzuwa likamalowa.

Alamu anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ali pa chinkhoswe. Anati nkhaniyi tikhale pansi tiikambirane ngati anthu, iwo ndi wamkulu pabanja, cholakwa chikhale pa iwo.

“Khalas,” anatero madamu, n'kutuluka.

“Mayi wamwano,” anatero alamu. “Musadandaule alamu, mtima wawo utsika. Yalla, tiyeni, si mmene mumanenera kuno? Ana avale.”

Ndipo tinapitadi ku paki. Musandifunse chifukwa chimene ndinapitira nawo. Akanasochera pa siteshoni yoyamba. Tinakwera metro titaimirira, tinasintha, tinakhala mpaka nyumba zazitali zinatha n'kuyamba mafakitale ndi mchenga, tinatsika, tinadikira basi pamthunzi wosakwana munthu mmodzi. Pofika pachipata dzuwa linali pamutu. Kamnyamata kanali katasanza kale mubasi, pamalaya a bambo ake, chimene chinali chinthu chokhacho chachilungamo tsiku limenelo.

Pamene ife tinkalowa, a ku hotela ya pakiyo ankatuluka. Ana awo anali atakwera kale zonse kukadali kozizira, ndipo ankapita kukagona ndi kukasambira. Ankadutsa pafupi nafe atanyamula zidole, tsitsi lili lonyowa. Ife tinaima pamzere, thukuta likutsikira m'nsapato. Mtsikana uja anakwera chozungulira chake, anatsika, n'kunena kuti mutu ukupweteka. Kamnyamata kanakana chilichonse, kanangofuna kuberekedwa. Achemwali anakabereka ndi chitenje pakati pa paki imene anaiwolokera nyanja. Alamu anapeza benchi m'nyumba yogulitsiramo zakudya, mozizira, anati akungopumula pang'ono, ndipo anayamba kuliza mkonono pansi pa chithunzi cha chinjoka.

Atadzuka anatiitana ngati ali ndi uthenga wochokera kumwamba.

“Ndaganiza. Anawa akuvutika ndi ulendo. Bwanji tigone pompano, pa hotela iyi? Kwa alamu tagonako kale, amayi sangadandaule.”

Achemwali anati, “Mwaganiza bwino, bambo.”

Mwaganiza bwino. Maganizo omwe aja amene achemwali anali nawo pachiyambi.

Chipinda chinapezeka. Chinali chachikulu kuposa chimene tinkagonamo tonse ku Mankhool, ndipo ana anali ndi mabedi awoawo, osanjikiza, opakidwa utoto ngati sitima. Mtsikana anakwera pamwamba akukuwa ndi chisangalalo kuti ali ngati amayi aang'ono. Ine ndinabwerera ku Mankhool kukatenga masutikesi, chifukwa wodziwa njira ndinali ine.

Nditawafikitsa, achemwali anandiperekeza mpaka pakhomo la hotela. Kunja kunali kukuda, ndipo magetsi a pakiyo anali atayaka. Anthu ankabwerera kukakwera.

“Zoona akuchotsa?”

“Munamva nokha.”

Anakonza chitenje. Kenako anati, “Iwenso ukanakana molimba. Unkangonena moseka.”

Sindinaseke ngakhale kamodzi. Koma sindinawayankhe, chifukwa basi inali ikubwera, ndipo ndikanayamba kuyankha ikanandisiya.

Masiku otsalawo anasangalala kwambiri. Ndinaona zithunzi. Alamu atavala chipewa cha makutu, ana ali m'madzi, achemwali akudya ayisikilimu. Pansi pa chithunzi china alamu analemba kuti akuthokoza mlamu wawo wa ku Dubai chifukwa chowalandira kunyumba kwake. Anthu a kumpingo anayankha kuti Mulungu andidalitse.

Tsono amene mumandifunsa kuti mukabwera ndi ana mugone m'kati mwa paki kapena kunja, yankho langa ndi lalifupi. Ngati ana ndi aang'ono ndipo ndi nyengo yotentha, gonani m'kati. Ngati thumba silikulola, gonani kunja, pamalo amene mwalipira nokha, ndipo dzukani m'mamawa. Koma m'bale wanu wa kuno akati alibe malo, si ulemu. Alibe.

Madamu mtima wawo sunatsike. Ndinawapempha kamodzi, anandiyankha kuti bedi lili kale ndi mwini watsopano. Ndinafunafuna ku Mankhool konse osapeza, mpaka ndinakapeza malo kutali, kumene metro sifika. Bedi la pamwamba, m'chipinda chopanda zenera. Ndimadzuka anzanga akadali mtulo kuti ndipeze basi ya kuntchito.

Nditangosamuka, amayi anaimba. Anati ndawachotsa manyazi, mudzi wonse wamva kuti ndimadziwa kulandira alendo. Anatinso amalume amva, ndipo akufuna kubwera ndi banja lawo nyengo ya Khirisimasi.

“Auzeni asungitse hotela.”

“Iwe, amalume ako enieni?”

“Auzeni kuti ndine wamwano, amayi. Zimenezo akhulupirira.”

Anayamba kunena za anthu, kuti adzati chiyani. Ndinawasiya akulankhula, ndinaika foni pansi pa pilo, n'kutsika kukachapa yunifolomu wina asanalowe m'bafa.