Bwato la Mabotolo la Bambo Anga

Bambo anga anali mmisiri wosema mabwato. Kwathu kufupi ndi Bandawe, asodzi ambiri a msinkhu wawo ankapalasa mabwato otuluka m'manja mwawo. Koma mitengo ikuluikulu itatha, anyamata n'kuyamba kukonda maboti a matabwa, ntchito inawathera.

Chaka chimene mayi anamwalira, bambo anayamba kutola zinyalala m'mbali mwa nyanja. Mvula ikagwa, mitsinje inkakokolola zonse za kumsika wa Chintheche n'kudzazitaya pamchenga: mabotolo a pulasitiki, majumbo, mapatapata oduka, maneti a udzudzu ong'ambika. Iwo ankalawirira ndi thumba, n'kubwera nalo lodzaza. Pabwalo la nyumba yathu anamanga nsungwi ndi waya, n'kuyamba kulumikizapo mabotolo aja. Patapita miyezi tinaona kuti likutuluka ndi bwato, lalitali ngati lenileni. M'kati mwake anayalamo neti, ndipo m'netimo anakolekamo tinsomba tosema kuchokera ku mapatapata.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Ada, zimenezi n'zachiyani?" Ife Atonga bambo timawaitana choncho.

"Ndinatumbula kampango ndipo m'mimba mwake ndinapezamo jumbo," anatero. "Ndikauza anthu amangoseka. Mwina akaona ndi maso amva."

Anthu sanasiye kuseka. Ankati maliro a mayi awasokoneza mutu.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina. Bwana wanga anali atadandaulapo kawiri za mkulu wina wathumba amene ankadutsa pamaso pa alendo. Sankadziwa kuti ndi bambo anga, ndipo ine sindinawauze.

M'mawa wina ndinkathirira tiyi mayi wina wochokera ku Lilongwe. Bwana anaima chapafupi. Bambo anali kuseri kwa mpanda wabango, akuzula botolo mumchenga.

"Achemwali, agogo awo mukuwadziwa?" anandifunsa mayiyo.

"Ndi munthu wina wa m'mudzimu," ndinayankha. "Mutu suyenda bwino."

Mpandawo unali waufupi. Bambo anaweramuka, nandiyang'ana pang'ono, kenako anamanga thumba lawo n'kumapita.

Nditaweruka masana ndinapeza mayi uja atakhala pampando pabwalo pathu. Anali atawatsatira. Ntchito yake inali yomweyo, yopanga zinthu zoonetsa anthu kuchokera ku zotayidwa, ndipo bwato lija anali atalizungulira kangapo. Bambo atandiona anati, "Uyu ndi mwana wanga woyamba. Ndi amene amandisunga." Mayiyo anandipatsa moni ngati tikuonana koyamba. Ndinalowa m'nyumba ndipo sindinatulukenso mpaka atapita.

Mayiyo anawalonjeza bambo kuti mvula ikatha adzabwera ndi lole, bwatolo likaikidwe pachionetsero mumzinda, dzina lawo litalembedwa pambali. Bambo anasangalala ngati mwana. Anachapitsa jekete lawo la kutchalitchi kudakali miyezi inayi. Koma pamchenga wa loji sanadutsenso. Ankazungulira kumsewu waukulu, thumba lili pamutu, maminibasi akuwaimbira hutala, n'kukatsikira kutsogolo.

Ndinayesa kupepesa kamodzi. Anali akumangirira tinsomba, ine n'kugwada pambali pawo.

"Ada, tsiku lija kuntchito..."

"Tandigwirira waya apa," anatero. "Zala zanga zikukanika."

Ndinagwira wayayo. Tinagwira ntchito mpaka neti yonse inadzaza, ndipo nkhaniyo sindinaiyambenso. Ndinkaganiza kuti mpata udzapezeka.

Mwezi wa Juni, mphepo ya mwera itayamba, anadwala chibayo. Anagona m'chipatala masiku anayi. Tsiku lachitatu anandifunsa ngati ndaphimba bwato kuti dzuwa lisaswe mabotolo. Ndinawauza kuti ndaphimba, ngakhale ndinali ndisanapite kunyumba. M'mawa mwake anamwalira.

Titafika ndi thupi pamudzi, fungo la pulasitiki yopsa linatichingamira kumsewu. Pabwalo panali posesedwa bwino, mabenchi a kutchalitchi atandandalikidwa. Kuseri kwa munda wa chinangwa kunkafuka utsi wakuda. Ndinathamangira komweko. Nsungwi zinali zitanyeka kale, waya yekha atapindika pamwamba pa phala lakuda limene linkawirabe.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, ananditsatira. "Mwanawe, anthu akanakhala pati?" anatero. "Kubwera abusa ndi amvano kudzapeza zinyalala pakhomo? Tamuchotsera manyazi mlongo wanga."

Sanachite mwankhanza, ndipo ine ndinalibe pakamwa powadzudzulira.

Patatha milungu itatu lole inaima pamsewu. Mayi uja anatsika ndi zingwe ndi matiresi akale oti atchinjirize bwato panjira. Ndinapita naye kumanda, kenako kuseri kwa chinangwa. Anaima n'kumayang'ana waya wopindika uja. Dalaivala anazimitsa injini.

Mayiyo asanakwere lole anatulutsa foni. "Ndinajambula zithunzi zingapo tsiku lija," anatero. "Koma iwo ankakana kuima. Ankati ndijambule ntchito, osati nkhalamba."

Tinaziona chimodzichimodzi. Bwato linalimo lonse, mbali zonse, dzuwa likuwala m'mabotolo obiriwira. Bambo anaoneka pa chithunzi chimodzi chokha, m'mphepete: mkono wawo wamanja, kuyambira pachigongono, ukuloza kansomba kabuluu. Ananditumizira chithunzicho pafoni, ndipo ndinakachitsukitsa ku Nkhata Bay. Bambo sanajambulitsepo china moyo wawo wonse kupatula cha pachitupa chovotera, chimene chinafufutika.

Ana anga anabadwa pambuyo pake. Akandifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, ndimatsitsa chithunzicho pakhoma n'kuwaonetsa mkonowo.