Nsapato zokulira momwemo zinandiipitsira mbiri kwa apongozi

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupasula banja langa chifukwa cha nsapato za mwana. Sekani ngati mukufuna, anzanga kuntchito anaseka kale mpaka kugwira nthiti, koma ine ndikaikumbuka nkhaniyi mtima umandiwira, ndipo amene amandikwiyitsa kwambiri ndi ine mwini.

Kwathu ndi ku Dowa, ine ndi mkazi wanga yemwe. Ku Mzuzu inatibweretsa ndi ntchito ya boma, ndipo timachita lendi ku Katawa. Mwana wathu woyamba, Yankho, anayamba kuyenda atangokwanitsa chaka. Ankadzandira kuchoka pampando kukagwira tebulo, manja ali m'mwamba, ndipo posakhalitsa anayamba kulondola amayi ake mpaka pakhonde. Inali nyengo ya mawawa, kunja kukuzizira, pabwalo pali matope okhaokha. Ndinati mwana wanga sangaponde zimenezo chosavala ngati alibe bambo.

Mwanayo sindinapite naye kumsika. Ndinachita mmene ankachitira bambo anga potigulira nsapato za Khirisimasi. Ndinatenga kachingwe, n'kuyeza phazi lake ali m'tulo, n'kumanga mfundo. Kenako ndinawonjezera zala ziwiri n'kumanganso mfundo ina, poti tonse tinakula tikumva kuti nsapato ya mwana imagulidwa yoti akulire momwemo.

Pa kaunjika wa mumsika waukulu, wogulitsa anayamba wandionetsa tinsapato tansalu, tofewa, topepuka. Ndinatikana, ndinati timeneto sititha mwezi. Maso anga anali pa tijombo tachikopa tofiirira, tokhala ngati ta asilikali. Ndinayesa kupinda imodzi, osapindika, ine n'kumati kulimba kwake ndi kumeneku. Nditayezapo kachingwe kanga, nsapato inapitirira ngakhale mfundo yachiwiri ija.

"Palibe suzgo, adada," anatero wogulitsayo, kutanthauza kuti palibe vuto. "Kuno kukuzizira chomene, azivala sokosi ziwiri. Izi mpaka mng'ono wake adzavala."

Mawu amenewo anandikomera. Ndinakwera kabaza ndikudziona ngati bambo woganiza patali.

Mkazi wanga atazitulutsa mujumbo anangoti, "Bambo a Yankho, izitu ndi za mwana wa ku nazale." Ndinamuyankha kuti za nsapato azisiyire ine. Kutsogolo kwa nsapatozo ndinatsindirako mapepala a nyuzi, ndipo poona kuti zikuvukabe, zingwe zake ndinkazizunguliza pa akakolo n'kumanga zolimba. Ndinaikanso lamulo: nsapato kuyambira m'mawa mpaka nthawi yosamba madzulo, m'nyumba momwe, chifukwa simenti inkazizira komanso mwana azolowere. Ndili kuntchito ndinkaimba foni kufunsa ngati wavala. Taganizani, munthu wamkuluwamkulu kuonongera mayunitsi zimenezo.

Yankho anayesetsa ndithu. Ankakweza phazi lonse m'mwamba ngati akuoloka chithaphwi, n'kuliponda molemera, kenako n'kudzipinga yekha. Tsiku lina anapunthwa pa sitepe ya khonde n'kung'ambika mlomo. Kuyambira pamenepo mwana anakhala pansi. Ukamuimiritsa ankangofewetsa mawondo n'kuyamba kulira. Anabwerera kokwawa, tijombo tija tikukhukhuluzika kumbuyo. Madzulo akavulidwa amakhala atatopa kale, kusamba, kuyamwa, basi tulo, ndiye palibe amene ankamuona ali phazi lokha masana. Mkazi wanga anandionetsa chidendene chitafiira, ine ndinati nsapato yatsopano imaluma, azolowera. Ndinamudzudzulanso kuti wamuzoloweza mwanayo kumsana.

Kenako mapazi anayamba kutupa. Lero ndikudziwa kuti zinali zingwe zija, koma nthawiyo mutu wanga sunagwire. Chifuwa cha nyengo yozizira nacho chinabwera. Kusikelo anati thupi lili bwino, n'kumupatsa mankhwala a chifuwacho. Mkazi wanga, poda nkhawa, anaimbira amayi ake ku Dowa n'kuwafotokozera kuti mwana wasiya kuyenda, mapazi akutupa, akutsokomola.

Inu a kuchigawo chapakati mwadziwa kale chimene apongozi anga anayankha. Anati ndi tsempho. Kwa amene simukudziwa, kwathu amati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana ali wamng'ono, n'kubwera kudzamunyamula, mwanayo amadwala mwa mtundu umenewu. Tsoka lake, miyezi imeneyo ntchito inkandipititsa ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay, nthawi zina n'kugona konko.

M'mawa wina ndikupolisha nsapato zanga, mkazi wanga anaima pakhomo maso atatupa. "Bambo a Yankho, ndiuzeni zoona mwanayu asafe. Ndi ndani?" Ine amene sindinayang'anepo kumbali chikwatirireni. Ndinakalipa, ndinalumbira, ndinamenyetsa chitseko n'kumapita kuntchito, osadziwa kuti kupsa mtima kumeneko kukungoonetsa ngati ndagwidwa. Madzulo ake ndinatambasula manja kuti ndinyamule mwana wanga, amayi ake n'kumulanda. Zimenezo zinandipweteka kuposa funso lija.

Apongozi anakwera basi n'kubwera. Ndi mayi wopemphera, wa yunifomu yake ya kumpingo, koma m'chikwama munali kabotolo ka mankhwala a tsempho. Moni wawo unali wouma. Anandiuza kudzera mwa mwana wawo kuti Yankho akapanda kusintha amutenga pamodzi ndi amayi ake, nkhani ikakambidwe ndi ankhoswe kumudzi. Madzulo omwewo anamuthirira mankhwalawo m'phala.

Tsopano tamverani mmene zinandikhotera. Apongozi omwewo, poona tijombo tija tili matope okhaokha, anang'ung'udza za uve wa m'tauni, n'kutichapa, n'kutiyanika pakhonde. Chikopa chonyowa m'mawawa a Mzuzu sichiuma lero kapena mawa. Mwana anakhala wopanda nsapato, ine osayerekeza kutsegula pakamwa za lamulo langa lija. Kutupa kunaphwa. Loweruka masana, tonse tili pabalaza, Yankho anagwira mwendo wa tebulo, n'kuimirira, n'kuusiya. Anadzandira mpaka kukagwera m'manja mwa agogo ake.

Apongozi anaimba nthungululu. "Mwaona? Mankhwala sanama."

Inu owerenga, mudziike m'malo mwanga. Mwana wanga wayenda, mtima ukufuna kudumpha ndi chimwemwe, koma kuyenda komweko kwandigamula kuti ndine wachigololo. Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi n'kuweramitsa mutu. Ndinatuluka panja ndisanalankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Pakhondepo maso anga anagwera pa tijombo tija, tili chozondoka, tikudontha. Ndinatembenuka kuyang'ana timapazi ta Yankho, zala zitatambasuka bwinobwino pasimenti. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindingawafotokoze.

Ndinatenga nsapato zonyowa zomwezo n'kulowa nazo. Mwanayo atangoziona anayamba kulira n'kupinda zala. Ndinamuveka, n'kumuimiritsa, iye khaa pansi. Ndinamuvula, n'kumutonthoza, pang'ono pokha anadzuka n'kumapita kwa amayi ake. Mkazi wanga anatola nsapato imodzi, n'kuigwedeza m'manja kumva kulemera kwake, n'kusolola chimpukutu cha nyuzi chija, n'kuiyandikiza paphazi la mwana. Phazi silinafike n'komwe pamene pathera zingwe. Anangoti, "Paja ndinanena," misozi ikutsika. Sindinadziwe ngati akulirira mwanayo, kapena ine, kapena funso lake lija.

Apongozi ndiye sanasunthike. Anati palibe mwana amene angakonde nsapato yonyowa. Anabwerera ku Dowa okha, mwana wawo atakana kuwatsatira, koma anapita ali ndi chikhulupiriro chonse kuti kabotolo kawo kanapulumutsa mdzukulu.

Sabata yotsatira tinapita kumsika tonse atatu. Tinagula tinsapato tansalu tonga tomwe ndinatinyoza tija, topindika ndi dzanja limodzi. Tinamuyeza ataimirira, amayi ake n'kudina kutsogolo kuona kuti patsala kampata ka chala chimodzi chokha, n'kumusiya ayende. Anayenda mpaka pa benchi ya ogulitsa nthochi, ife tikuthamangira pambuyo.

Ndiye abambo anzanga, kachingwe kaja katayeni. Mwana mupite naye, avale, ayende inu mukuona. Nsapato yoyamba ikhale yopepuka, yofewa, yomukwana lero, zokulira momwemo zidikire akadziwa kuyenda. M'nyumba musiyeni aponde ndi phazi lake. Akasiya kuyenda mutangomugulira nsapato, yambani mwamuvula musanaimbire foni kumudzi, ndipo zikapitirira pitani naye kuchipatala. Komanso mkazi wanu akati nsapato yakula, yakuladi. Iye ndi amene amasambitsa phazilo tsiku ndi tsiku.

Tijombo tija ndinatisunga pamwamba pa wodilopu, ndikuumirirabe kuti adzavala akakula. Nditatitsitsa tinali titachita nkhungu mpaka chikopa kusenduka, ndipo tinathera kudzala. Mkazi wanga anapepesa, inenso ndinapepesa, m'nyumba muli mtendere. Koma pa Khirisimasi yapitayi tinali ku Dowa. Yankho akuthamangitsa nkhuku pabwalo, ndinamva apongozi akuuza amayi anzawo kuti, "Uyutu ndi uja tinamupulumutsa ku Mzuzu." Amayi onsewo anasiya kuyang'ana mwana n'kutembenukira kwa ine.