Mabulugamu a Elisha

Kwa Msakambewa mukamva anyamata akunena kuti Boma wabwera, musaganize za maofesi a ku Dowa. Akunena Elisha Kachiwanda, msilikali wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wochepa thupi, wa makutu otambalala ngati masamba a fodya. Dzinali anamupatsa ndi Langton, mnzake wa paubwana, tsiku limene Elisha anabwera kuchokera ku maphunziro a usilikali atametedwa mpala, akuyenda ngati wameza ndodo. Langton anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anamulandira chikwama.

Awiriwa anaweta mbuzi limodzi, anakwapulidwa limodzi ku pulayimale, ndipo mukwaya ya ku mpingo ankaima moyandikana, ngakhale kuti woimba weniweni anali Elisha, Langton ankangotsegula pakamwa. Elisha atalembedwa usilikali, Langton anatsala pamudzi, anakwatira Judith, n'kuyamba kulima fodya. Mphatso yotsanzikirana inali mpini wa nkhwangwa. Elisha anausema yekha, n'kuwotchapo mizere itatu ndi waya wamoto, monga ankachitira malume ake.

Chaka chatha gulu la Elisha linatumizidwa kukathandiza alonda a nkhalango ya boma, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, mtunda wa maola atatu pansi kuchokera kwawo. Asilikali anzake anati mwayi wamugwera. Iye anangomwetulira, poti ankadziwa kuti kulondera kwanu n'kulondera abale ako.

Moyo wa kumsasa unalibe zambiri. M'mawa kuthamanga, kupukuta mfuti, perete, kenaka kukwera mapiri mpaka mapazi kutentha m'jombo. Elisha sankadandaula. Mnzake akatopa ankamunyamulira chikwama, ndipo jombo zake ankazipukuta ngakhale akudziwa kuti matope akuzidikirira pakhomo pa tenti. Dzuwa likapendeka ankakwera pachulu china pamene foni imagwira, kuti amve nkhani za Langton: amene wagoletsa ku bwalo la mpira, mbuzi imene yaswa, mwana wa Judith amene wayamba kukwawa. Nkhani zopanda mutu zokhazokha, koma n'zimene zinkamugonetsa tulo tabwino.

Kumudzi Elisha anali ndi zinthu ziwiri zonyadira. Choyamba chinali nyumba ya njerwa yomwe inafika pakhoma, ikudikirira denga, kuti Okutobala akamanga ukwati ndi Rakele adzalowemo. Chachiwiri anali mabulugamu amene anabzala kuseri kwa dimba la amayi ake ali Fomu 1, owongoka bwino, osungira denga lomwelo. Munthu akangoyerekeza kupempha mtengo umodzi, Elisha ankasintha nkhani.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachisanu, ali pa ulonda cha kum'mawa, anamva nkhwangwa kukhwawa. A Sajeni anakweza dzanja, asilikali anamwazikana, ndipo odula mitengo atawaona anataya zonse n'kuliyatsa liwiro. Pa nkhani yothamanga Elisha analibe mnzake. Anasankha mmodzi wovala jekete yofiira, anamutsata kutsetsereko, ndipo munthuyo ataterereka n'kugwa, nkhwangwa inagwera pamapazi pa Elisha. Pampini panali mizere itatu.

Pamalopo panalibe wina wowaona. Langton anadzuka, matope thupi lonse, n'kufotokoza mwaphuma kuti chigafa chake cha fodya chagwa ndi mvula, chiswe chinadya nsichi, fodya amene anasoka ali pansi, ndipo wa m'munda wayamba kupsa.

“Aise, tayang'ana kumbali. Mphindi imodzi yokha,” anatero Langton.

Mtima wa Elisha unawawa zedi. Koma anali atagwira kale anthu ena m'nkhalango yomweyo, anthu osawadziwa, ena okalamba, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake chomveka. Akanawayang'ana bwanji mawa?

“Tiye, Langton. Palibe akukhudze, ndili pompano,” anayankha.

Anayendadi naye phewa ndi phewa mpaka kwa a Sajeni, ndipo palibe anamukhudza. Alonda a nkhalango analanda mitengo ndi nkhwangwa, anamulemba dzina, anamuchenjeza kuti akadzabwereza nkhani idzapita kukhoti, n'kumumasula madzulo.

Mbiri inafika kumudzi Langton asanafike. Ena anati yunifolomu imadya mtima wa munthu. Ena anati mwana wa a Kachiwanda wagulitsa mnzake kuti akwezedwe udindo. Pakamwa pa anthu simungaikepo chitseko, ndipo amene ankalankhula kwambiri ndi omwe sanabwereke Langton ngakhale nsichi imodzi. Elisha ankakwera pachulu paja tsiku lililonse, foni ili zii. Chimene chinkamudya sichinali miseche ayi. Ankadziwa kuti fodya wa mtundu wa bale akagona pansi pachinyezi sabata imodzi ndiye kuti wawola, ndipo chaka chonse cha Langton chinali m'masamba amenewo. Akawola, ubwenzi wawo uwolera pomwepo.

Anapempha masiku awiri. A Sajeni anamupatsa limodzi, Loweruka, n'kumuuza kuti perete wa 6 koloko madzulo amupeze ali pamzere.

Anafika kumudzi dzuwa litangotuluka, anabwereka nkhwangwa kwa malume ake, n'kulunjika kuseri kwa dimba. Amayi ake atamva kugwa kwa mtengo woyamba anathamangira komweko, mpango uli m'manja. Anamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino, ndiponso chimene akamuuze mwana wa eni ake amene akudikirira Okutobala. Elisha anati anali atamuimbira kale foni Rakele n'kumuuza. Rakeleyo anati denga lingadikire, fodya sadikira. Mayiwo anapukusa mutu, anabwerera kunyumba, ndipo posakhalitsa anabwera ndi chikwanje n'kuyamba kusadza nthambi.

Elisha atatula mtengo woyamba pakhomo pa Langton, mwini khomo anali atakhala pa mpando, akuyang'ana mulu wa fodya wofunditsidwa pepala lapulasitiki. Sanapereke moni. Elisha nayenso sanaudikire, anabwerera kukatenga wina. Pa ulendo wachinayi Langton anadzuka, anatenga khasu, n'kuyamba kukumba maenje. Mitengoyo ankaidziwa bwino, poti ili mbande anathirira nawo.

Anagwira ntchito tsiku lonse osalankhulana, kupatula “gwira uko” ndi “kweza pang'ono”. Anyamata ena, kuphatikizapo amiseche aja, manyazi atawagwira anabwera ndi luzi ndi udzu. Judith anayamba kupachika fodya pa mikangala denga lisanathe n'komwe. Wapansi anali atada kale, anamutaya. Wambiri anapulumuka.

Pamene ankamanga udzu womaliza, nthawi inali itadutsa 4 koloko, ndipo wapansi sakanafika kumsasa pa nthawi yake. Elisha anavala jombo mwachangu. Akutuluka pa mpanda anapeza Langton ataimika njinga panjira, akuyang'ana kwina.

“Kwera, Boma. Ukachedwa akakutsekera, ndiye azitigwira ndani?”

Msewu unali phala lokhalokha. Pokwera ankatsika n'kumakankha, potsetsereka ankangopemphera poti mabuleki a njinga ya Langton ndi chidendene. Anafika kutatsala mphindi zochepa. Langton sanayandikire msasa, anatembenukira patali, ndipo za m'nkhalango zija sanazitchule, ngakhale tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ukwati anausunthira chaka chamawa. Kuseri kwa dimba kunatsala zitsa, ndipo nyumba ya njerwa inakhala chomwecho, yopanda denga, mvula ikuimenya. Elisha zinkamupweteka, sankabisa, ndipo akapita kumudzi ankazungulira njira ina kuti asaione.

Patatha masabata awiri, ali pachulu paja, foni inalira. Chinali chithunzi chochokera kwa Langton, chopanda mawu. Pamwamba pa makoma onse a nyumba ija panali patayalidwa udzu wa chigafa chakale, womangidwa bwino ndi luzi kuti njerwa zisasungunuke. Chithunzi chachiwiri chinali cha zitsa za mabulugamu, zitayamba kuphukira, chilichonse atachitchingira ndi minga kuopa mbuzi. Kenaka unabwera uthenga: “Ndiziyang'anira ine. Iwe londera za bomazo.”

Elisha anakhala pachulupo mpaka wina anamuitana kuti chakudya chikutha. Anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kutsika.