Mtengo wa Amama Pakati pa Chinangwa

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri pamene mlongo wanga wamkulu, Lameki, anayamba kuyankha anthu amene ife sitinkawaona. Tinkakhala ku Kabwata, m'kanyumba ka khonsolo. Atate ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Kamwala, ndipo Lameki, atasiya sukulu, ankanyamula mitolo ya nsalu kwa amalonda a komweko.

Kuseri kwa nyumba amama anali ndi kadimba, ndipo pakati pa chinangwa panali mtengo umodzi wa chamba. Anaubzala pamenepo mwadala, poti kwa munthu wongodutsa masamba awiriwa amafanana. Amama sankasuta. Anali mayi wa chigwirizano, wosaphonya mapemphero. Kwa iwo mtengowo unali mankhwala a chikuku, monga anaphunzirira kwawo ku Katete. Mwana akadwala mumsewu mwathu, mayi wake ankabwera ndi kambale kovundikira ngati wopempha mchere, n'kubwerera ndi masamba oti akawiritse. Ndinene pano kuti pasakhale wondimva molakwa: chamba sichichiza chikuku. Chimene chinatipulumutsa ku chikuku ndi katemera. Koma masiku amenewo amama ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuthandiza ana a anzawo.

Wochapa zovala pakhomo ndinali ine. M'matumba a buluku la Lameki ndinayamba kupeza timbewu tolimba, ndipo malaya ake ankanunkha ngati udzu wauwisi wopsa. Nsonga za mtengo uja nazo zinkapezeka zothyoledwa. Nditawaonetsa amama timbewuto, anatitaya m'ngalande n'kunena kuti, "Tseka pakamwa, mwana iwe."

Sipanapite nthawi, Lameki anasiya kugona. Ankati wailesi ya m'sitolo ikumutchula dzina. Tsiku lina anaponya mtolo wa nsalu m'matope, akuti muli munthu amene akumuseka, ndipo ntchito inathera pomwepo. Kunyumba ankakhala kuseri kwa chitseko atagwira sizasi ya atate, maso ali pawindo.

Atate ankafuna kupita naye kuchipatala. Amene anawaletsa ndi amalume a ku Libala, mlongo wawo wa amama, omwe ankagwira ntchito yaumesenjala kukhoti ndipo ankaona tsiku ndi tsiku anyamata akukwezedwa m'galimoto ya akaidi.

"Alamu, mukuganiza bwino?" anatero amalume. "Dokotala akangolemba kuti chamba, nkhani yafika kupolisi. Mnyamatayu kundende. Nanga akafunsa kumene ankachithyola? Msewu wonse ukudziwa za mtengo wa mlongo wangayu. Mufuna mkazi wanu akaimbe nyimbo za chigwirizano m'chitokosi?"

Atate anagonja. Madzulo omwewo amama anazula mtengo uja. Kuuwotcha sakanatha, utsi ukanatiulula, choncho anaudula tizidutswa n'kuukwirira pansi pa nthochi. Koma mantha sanazuke nawo limodzi. Lameki tinamusunga m'nyumba dzinja lonse. Akulu a mpingo ankabwera kudzapemphera, ife tikuwauza kuti ndi malungo a kumutu. Anzake a ku Kamwala ankamupatsirabe zosuta pamwamba pa mpanda. Iye ankaonda, milomo ili gwa, ndipo ine ndinkabisa mipeni m'thumba la makala.

Tsiku lina masana, atate ali kuntchito, Lameki anamenya windo ndi chibakera, akuti munthu wa m'galasi akumulondalonda. Dzanja linang'ambika, magazi akuchucha mpaka pachigongono. Apa panalibenso zobisa. Amama anamanga dzanjalo ndi mpango wawo, ine ndinamugwira mkono winawo, tinauyamba wa kukiliniki. Panjira amama anandiyang'ana.

"Akakufunsa, ndi malungo. Wamva?"

"Ndamva, amama."

Titafika, pabenchi ya odwala panali wapolisi, yunifolomu yonse, chipewa chili pabondo, atafungata kamwana kotsokomola. Amama atamuona anaima pakhomo. Sindiiwala fungo la mankhwala otsukira pansi, ndi mmene magazi ankadonthera pasimenti pafupi ndi nsapato za wapolisiyo. Namwino ataona magaziwo anatilowetsa osadikira mzere.

Wosoka bala anali bambo wamfupi wa imvi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Akusoka, Lameki sanasonyeze n'komwe kuti akumva ululu. Ankangouza khoma kuti lisiye kumunena. Bamboyo anaika singano pansi.

"Amai, uyu mwana ayamba liti kukamba so?"

"Ndi malungo, adokotala. Malungo a kumutu."

"Thupi siyikupya. Akoka chamba?"

"Ayi! Ife ndife anthu opemphera."

"Amai, nimveleni. Mukakamba ati ni malungo, nizamupasa mankhwala ya malungo, mubwelele naye kunyumba. Lelo ni windo. Mailo siniziba."

Amama anayang'ana kuchitseko. Kunja wapolisi uja ankamunyengerera mwana wake, mawu ake akumveka bwinobwino. Ine ndinaona kuti bamboyo watenga cholembera, ndipo ndinadziwa kuti tikatuluka muno ndi mapiritsi a malungo, tibwerera ku moyo uja wobisa mipeni, mpaka tsiku limene ndidzaiwale kubisa.

"Amasuta," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Ndimapeza mbewu m'matumba. Anayamba kalekale."

Amama ananditsina pantchafu mpaka misozi inalengeza. Kenaka anagwada pansi, mayi wamkulu, pamaso pa munthu wachilendo. "Chonde, adokotala, musatimangitse."

"Imani, amai, imani. Ine sinine kapokola. Nchito yanga ni odwala."

Analemba kalata yotitumiza kuchipatala cha matenda a maganizo. Potuluka Lameki anayamba kulimbana nafe, ndipo amene anaimirira kudzathandiza kumukweza m'galimoto yotitengera kumeneko anali wapolisi uja. Anamugwira mosamala, kupewa dzanja losokedwalo, n'kuuza amama kuti, "Pepani amai, ni matenda." Sanafunse china chilichonse.

Kunyumba amalume anandikalipira kuti ndagulitsa banja. Amama sanandilankhule kwa masiku ambiri. M'mawa uliwonse ankavala chitenje chabwino n'kukhala pakhonde, kudikira galimoto ya apolisi, kuti akabwera asawapeze ali osasamba. Galimotoyo sinabwere.

Lameki anatuluka m'chipatala ali wodekha, koma sanabwerere mmene analili. Dokotala wa kumeneko anafunsa atate chifukwa chimene tinachedwera. Mlongo wangayo anamwa mankhwala moyo wake wonse. Sanakwatire. Ankasokerera mabatani pambali pa makina a atate, ndipo makolo atamwalira anadzakhala kwanga ku Chelstone mpaka tsiku lake lomaliza. Makadi ake onse a kuchipatala ndili nawo, m'faelo imodzi ndi nkhani za chamba zimene ndimadula m'manyuzipepala, poti ine pepala sinditaya.

Ndikamawerenga nkhanizo masiku ano magazi amandiwira, ndipo mbali zonse ziwiri zimandikwiyitsa. Alipo achinyamata ophunzira amene amalankhula pawailesi kuti chamba ndi tsamba chabe, ngati bonongwe. Inde, anzake a Lameki ena anasuta n'kukalamba bwinobwino, ndimakumana nawo m'maliro. Sindine dokotala kuti ndinene kuti chamba chokha ndicho chinamudwalitsa. Koma anachiyamba ali wamng'ono, ndipo nthawi iliyonse imene ankachibwerera, mawu aja ankabweranso. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga, ndipo palibe wa pawailesi amene anabwera kudzandithandiza kumusambitsa.

Alipo enanso, ambiri a msinkhu wanga, amene amati osuta onse amangidwe, zilango ziwonjezedwe. Awa ndiwo amandiwawa kwambiri, chifukwa amaganiza kuti kuopa ndende kumaletsa mnyamata kusuta. Lameki sikunamuletse. Amene kunawaletsa ndi amama, kunawaletsa kupita kuchipatala. Wapolisi sanagogodepo pakhomo pathu, koma mantha okha anatidyera dzinja lathunthu, nthawi imene mwina mutu wa mlongo wanga ukanapulumuka.

Ogulitsa chamba kwa ana a sukulu, amenewo sindiwapempherera chifundo. Koma amene akukangana za lamulo latsopano la chamba ayambe ayankha funso limene ine ndinakumana nalo ndili mwana, ntchafu ikuwawa. Mayi amene mwana wake wayamba kulankhula ndi khoma, lamulo lanulo limuuza kuti athamange naye kwa dokotala, kapena kuti amutsekere m'nyumba n'kumanena kuti ndi malungo?