Felemu ya ku Joni

Dzulo ndinapita kwa kalipentala pa boma kukasankha felemu ya chithunzi chimene mwana wanga wajambula. Fungo la vanishi linandikumbutsa zakale, ndinakhala pabenchi.

Ndili Sitandade 4 ndinajambula nyumba yathu ya ku Chikale, amayi ataima pambali pake ndi lichero. Chaka chomwecho bambo anabwerako ku Joni ndi felemu yonyezimira ngati golide, yonunkhira vanishi. Anati chithunzi changa chilowe mmenemo, chipachikidwe pabalaza. Koma pepala linakula kuposa felemuyo.

"Ada, bwanji tifune felemu ina?" ndinapempha.

"Iyi ndi ya ku Joni, mwanawe. Pepalali ndi la pompano."

Anatenga lezala. Panafunika kudula mbali imodzi, ya denga la malata kapena ya amayi.

Amayi anali atangochokera kovuula chinangwa, zala zitayera ndi kukwinyika. Anayang'ana chithunzicho, kenako bambo.

"Dulani ineyo," anatero motsitsa mawu. "Malatawo munawavutikira."

Lezala linatsika. Kachidutswako kanagwa pansi. Amayi anakatola ndi zala zonyowa, n'kukamanga pansonga ya chitenje, n'kupita kumtondo.