Duku Lofiira Pakati pa Lenti

Amuna anga anamwalira mpunga ukadali pa nazale, ndipo Lenti inandipeza ndili m'zakuda, monga abale awo anafunira. Ng'oma m'tchalitchi zinaleka kulira, kunyumba nakonso kunali zii.

Lamulungu lachinayi la Lenti mpingo umapumako pa chisoni, ndipo ansembe amavula chovala chapepo n'kuvala chapinki. Tsikulo ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa duku lofiira limene malemuwo anandigulira ku Zomba. Ndinalimanga bwinobwino, n'kudutsa m'mbali mwa minda ya mpunga, anthu akundicheukira. Kwaya itayamba, ndinaimba mokweza mpaka ndinalulutira.

Potuluka, alamu anga, achemwali a malemuwo, anandikokera pansi pa mtengo wa mango.

"Dothi la pamanda silinaume, inu mwayamba kale kutchena?"

"Alamu," ndinatero, "ansembe aja mwawaona? Ambuye ali pa ulendo wokapachikidwa, koma iwo avala pinki. Kawakalipireni iwowo kaye, kenako mubwere kwa ine."

M'mawa mwake ndinavalanso zakuda, popanda wondiuza. Amene ankamulira mwamunayo usiku ndi usana ndine. Tsiku lopuma silinali loti ndikapemphe kwa munthu.