Tsiku Limene Mayi Fayilo Anasesa Kompyuta

Kwa zaka makumi atatu Mayi Fayilo ankasunga makalata mu ofesi yopanda zenera, mpaka dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Lamulo lawo linali limodzi: kalata imodzi, fayilo imodzi. Akapeza kope lachiwiri ankaling'amba pomwepo, chifukwa kwa iwo kusunga chinthu kawiri unali uve. Tsiku limene anapuma pa ntchito anzawo anangowaombera m'manja n'kuwapatsa wotchi yapakhoma, ngati kuti kunyumba kuli kothamangira.

Kukhala pakhomo kunawadwalitsa. Anachonderera mwana wawo wamkazi kuti awapezere chochita m'shopu ya mkamwini, yosindikiza makadi aukwati. Mkamwiniyo anavomera ndi pakamwa pokha. Mayi ankadziwa kuti akangolakwitsa kamodzi abwerera pakhonde kukaonerera odutsa.

Lachitatu lina kompyuta inadandaula kuti malo atha, mkamwini atapita kukagula mapepala. Mayi anavala magalasi n'kulowa m'mafoda amene sanalowemo chiyambire. Zimene anaona zinawanyansa: fayilo ya dzina limodzi muno, yomweyo uko, yomweyonso kwina, mpaka kanayi. Anasesa masana onse, akufufuta makopewo, mtima uli m'malo. Kompyuta ikawafunsa ngati akutsimikiza, ankaiyankha mokweza kuti, "Iwe ungandiphunzitse ntchito ine?"

M'mawa mwake makina osindikizira anangoti zii, makadi mazana awiri akufunika Loweruka. Wokonza makompyuta anabwera, anayang'anayang'ana, kenako anapukusa mutu.

"Amayi, mafayilo aja amafanana mayina okha. Pulogalamu yakale imafuna mtundu wakale, yatsopano imafunanso wakewake. Ena kompyuta imasungira dala kuti china chikawonongeka idzikonze yokha. Inuyo mwachotsa ndi zokonzera zomwe."

"Nanga bwanji osalemba pamwamba kuti munthu adziwe?" anafunsa Mayi.

Eni ukwati anakasindikizitsa kwina. Mkamwini sanakalipe, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri, chifukwa munthu akakukalipira umapezako poyankhira. Iye anangoti, "Palibe kanthu, amayi, zimachitika," maso ali pafoni.

Lolemba Mayi analawirira monga mwa masiku onse. Anapukuta tebulo n'kuyatsa kompyuta yokonzedwayo. Inawafunsa pasiwedi. Anatembenukira kwa mwana wawo, amene ankapinda maenvelopu osadzutsa mutu.

"Mwanawe, pasiwedi yake ndi chiyani?"

"Sindikuidziwa, amayi. Aika ndi bambo a ana," anatero akukanda mphuno.

Linali bodza. Mayi anamulera okha mwanayu, ankadziwa mmene amakandira mphuno akamanama. Manyazi anawagwira, ndi mkwiyo womwe, koma sanatsutse. Anasamukira pabenchi ya makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

Patapita kanthawi kunalowa kasitomala wofuna kuona zitsanzo za makadi. Mwanayo ananyamuka, anakhala pampando wa pakompyuta, n'kutayipa pasiwediyo mofulumira, atatchinga zala ndi dzanja linalo.